Sacvan Bercovitch ndi dandaulo la Amereka: amene munamuwerengapo ndithandizeni

Nangozo

Moni nonse pagulu pano. Ndasowa kwa masabata atatu, ndimalimbana ndi buku limene anatipatsa ku maphunziro a masters, The American Jeremiad la Sacvan Bercovitch, lotuluka mu 1978. Mutu woyamba ndinauwerenga katatu osatolapo kanthu. Nditatopa ndinaliika pambali n'kuyamba kufufuza za mwini wake, ndipo apa mpamene zinayamba kulowa.

Bamboyu sanali Mmereka. Anabadwira ku Montreal, dziko la Canada, mu 1933, m'banja losauka la Ayuda olankhula Chiyidishi ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Bambo ake anali wojambula zithunzi, mayi ake wolemba komanso wotentheka pa ndale za chikomyunizimu. Dzina loti Sacvan analipanga polumikiza maina awiri, Sacco ndi Vanzetti, anthu a ku Italy aja amene boma la Massachusetts ku Amereka linawapha pa mpando wamagetsi mu Ogasiti 1927 pa mlandu umene ambiri padziko lonse ankati unazengedwa mokondera. Mwana wosenza dzina limenelo ndi amene anadzakhala katswiri wa zolemba za a Puritan, Akhristu okhwimitsa chipembedzo ochokera ku England, eni ake amene anakhazikitsa Massachusetts yomweyo.

Ku yunivesite sanapite molunjika. Anakakhala ku Israel zaka zingapo pa kibbutz, mudzi wolima pamodzi, akusamala ng'ombe zamkaka. Atabwerera ku Montreal ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya zakudya n'kumaphunzira madzulo pa Sir George Williams College. PhD anakaitenga ku Claremont, California, mu 1965, atapitirira kale zaka 30. Anaphunzitsako ku Brandeis ndi ku San Diego, mu 1970 analowa Columbia, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anasamukira ku Harvard komwe anapumirako ntchito. Anamwalira mu Disembala 2014.

Tsono funso langa. Ndikumva ngati akunena kuti Mmereka akamadzudzula dziko lake, kudzudzulako ndi njira yolitamandira. Ndamva bwino kapena ndasochera?

Chikondi wa ku Ohio

Mayi Nangozo, simunasochere. Ndingowonjezera kumene mkanganowo unayambira, chifukwa osamudziwa Perry Miller bukulo limakhala ngati mukumvetsera munthu akukangana pafoni, mbali inayo simukuimva.

Miller anali pulofesa wa ku Harvard, anamwalira mu 1963, ndipo ndi amene anachititsa kuti a Puritan aziwerengedwa ngati anthu oganiza mozama. Anaona kuti kuyambira cha m'ma 1660 alaliki a ku New England, chigawo cha Amereka komwe kuli Massachusetts, anali ndi ulaliki wa mtundu umodzi wobwerezabwereza, makamaka pa tsiku la chisankho ku Boston: makolo athu anawoloka nyanja chifukwa cha Mulungu, ife ana tatengeka ndi malonda, minda ndi zovala, n'chifukwa chake chilala, moto ndi nkhondo zatigwera. Wotchuka kwambiri ndi wa Samuel Danforth wa 1670, wotengedwa pa Mateyu 11, pamene Yesu akufunsa anthu chimene anapita kukaona kuchipululu. Ulaliki wotere ndiye jeremiad, kuchokera pa dzina la Yeremiya. Miller anauwerenga ngati umboni woti ntchito ya a Puritan inkafa ndipo eni ake ankadziwa.

Bercovitch anati ayi, mvetserani mpaka kumapeto. Mlaliki samaliza ndi chiwonongeko. Amamaliza ndi mawu oti Mulungu akutikwapula chifukwa ndife ake, ndipo lonjezo likadali patsogolo. Ndiye mantha aja ndi amene ankawasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka n'kuwatumanso pa ulendo womwewo. Iye anati mwambo umenewu sunathe ndi a Puritan, unangovula zatchalitchi n'kulowa m'ndale ndi m'mabuku a Emerson, Thoreau, Melville ndi ena.

Abusa Phiri

Ine mabuku a ku Amereka sindinawawerenge ambiri, koma Yeremiya ndamulalikira zaka zoposa 20, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo. Amene amati Yeremiya ndi mneneri wa misozi yokha sanafike chaputala 32. Asilikali a Babulo azinga Yerusalemu, iye ali m'ndende m'bwalo la alonda, ndipo akugula munda ku Anatoti kwa msuweni wake Hanameli ndi masekeli 17 a siliva, kalata yogulira n'kuisunga mu mbiya kuti ikhalitse. Munthu woti wataya mtima sagula munda. Chaputala 31 chili ndi pangano latsopano. Ndiye ngati bamboyu anaona kuti kulira kwa alaliki aja kunali ndi lonjezo mkati, anawerenga Baibulo lake bwino.

Chimene chikundisautsa n'china. Pangano linali la Mulungu ndi Israyeli. Anthu awa analitenga bwanji n'kuliveka dziko lawo?

Chikondi wa ku Ohio

Abusa, funso lanulo ndiye buku lake loyamba lonse, The Puritan Origins of the American Self la 1975. Linachokera pa ntchito yake ya PhD yokhudza Cotton Mather, mlaliki wa ku Boston amene mu 1702 anatulutsa mbiri yaikulu ya mpingo wa ku New England, Magnalia Christi Americana. M'menemo Mather analemba moyo wa John Winthrop, bwanamkubwa amene anatsogolera gulu la a Puritan lochoka ku England mu 1630, n'kuupatsa mutu woti Nehemias Americanus, Nehemiya wa ku Amereka. Bercovitch anakhala pa mawu awiri amenewo pafupifupi buku lonse. Nehemiya anamanga malinga a Yerusalemu pochokera ku ukapolo. Ukamutcha Winthrop Nehemiya, ndiye kuti England wasanduka Babulo, Boston Yerusalemu, ndipo dera lenileni la pa mapu lalowa m'mbiri ya chipulumutso. Mpingo wa Khristu ulibe malire a dziko, koma apa malo ndi lonjezo zinasokedwa pamodzi.

Abusa Phiri

Ndamva. Ndipo eni nthaka amene anawapeza kumeneko anasanduka ndani m'nkhani imeneyo? Ndikuopa kuti yankho ndikulidziwa kale, Akanani.

Tadala M.

Pepani akuluakulu, ine sindikugwirizana nazo. Ngati aliyense wodzudzula Amereka akungoitamanda mosadziwa, ndiye kuti palibe amene angaitsutse n'komwe. Ukavomereza, wavomereza. Ukakana, wavomerezanso. Mfundo yotere siingagonje pa mtsutso uliwonse chifukwa yatseka zitseko zonse. Frederick Douglass pa 5 Julayi 1852 ku Rochester anaimirira pamaso pa azungu n'kuwafunsa kuti tsiku lawo la ufulu lili ndi tanthauzo lanji kwa kapolo. Munthu amene anathawa ukapolo, zipsera zili kumsana. Mukufuna kundiuza kuti ankachita mwambo wolimbikitsa dziko? Zimenezo zikundipweteka.

Bambo Mbewe

Tadala mwana wanga, kupwetekedwa kwakoko n'koyenera, ndipo si iwe woyamba. Mu 1991 wolemba mbiri David Harlan analemba nkhani yonse mu Journal of American History yomutsutsa Bercovitch, ndipo ena ambiri anadandaula zomwe wanenazi, kuti wapanga msampha wosatulukika. Koma kawerengenso mawu a Douglass aja mpaka kumapeto. Atawathira mawu oyaka moto, akutembenuka n'kunena kuti malamulo oyendetsera dziko la Amereka, ukawamasulira bwino, ndi chikalata cha ufulu, ndipo akuti sakutaya chiyembekezo pa dzikolo. Martin Luther King pa 28 Ogasiti 1963 anachita chimodzimodzi: Amereka inapatsa anthu akuda cheke chimene banki inachibweza, koma iye akukana kukhulupirira kuti banki ya chilungamo yatha ndalama.

Bercovitch sankanena kuti anthu awa anali amantha kapena onyengedwa. Ankanena kuti chida champhamvu kwambiri chimene anachipeza pafupi chinali lonjezo la dzikolo, ndipo ukagwira chida chimenecho umapambana zambiri, koma umalipira mtengo: funso limasanduka loti Amereka yakwaniritsa lonjezo kapena ayi, pomwe funso loti lonjezolo palokha n'lolungama silifunsidwanso. Iye anakulira m'nyumba imene anthu ankakamba zogwetsa dongosolo lonse la chuma. Atafika ku United States m'zaka za m'ma 1960 anapeza zionetsero paliponse, za ufulu wa anthu akuda, za nkhondo ya Vietnam, koma ochita zionetserowo ankati akufuna kubwezera Amereka ku chimene inayenera kukhala. Mwana wa m'dzikolo sakanadabwa nazo, ndi mpweya umene anabadwa akupuma. Iye anadabwa. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tadala M.

Bambo Mbewe, zikomo, koma nanga Malcolm X? Mu 1964 ananena poyera kuti iye si Mmereka, ndi mmodzi mwa anthu akuda ozunzidwa ndi Amereka, ndipo chimene ena akuti maloto iye akuchiona ngati loto loopsa. Nanga William Lloyd Garrison, wolimbana ndi ukapolo, amene anatentha malamulo a dzikolo pagulu pa 4 Julayi 1854, tsiku lokumbukira ufulu wa Amereka? Amenewo anali mu mwambo uti?

Chikondi wa ku Ohio

Achemwali Tadala, pa Garrison ndikutsutsani pang'ono. Anatentha malamulo oyendetsera dziko, inde, koma chikalata cholengeza ufulu wa Amereka cha 1776 ankachigwira ndi manja awiri, ndipo mlandu wake pa malamulo aja unali woti anapereka chikalatacho kwa eni akapolo. Ngakhale tsiku limene anasankha likunena zambiri. Pa Malcolm X ndikukuvomerezani. Iye anafuna kutengera nkhani ya anthu akuda ku United Nations ngati mlandu wa ufulu wachibadwidwe, osati kukapempha gawo la lonjezo la Amereka. Ameneyo anaima kunja kwa mpanda. Wotsatira Bercovitch angayankhe kuti taonani amene dziko linamupatsa tsiku la tchuthi, ndi King. Koma zimenezo zikungosonyeza mawu amene dziko limakonda kumva, sizikutsimikiza kuti mawu ena kunalibe.

Yamikani Joni

Ine zakuyazi zandipitirira, ndikuwerenga pang'onopang'ono. Chandigwira ndi chimene mayi Nangozo alemba poyamba. Ndimagwira ntchito yosanja katundu m'mashelefu kuno ku Johannesburg, ndimaweruka 7 koloko madzulo, ndipo ndili chaka chachiwiri cha digiri yophunzira uli kunyumba. Ndili ndi zaka 34. Sabata yatha ndinalephera mayeso a phunziro limodzi ndipo ndinauza mkazi wanga kuti basi ndasiya. Kumva kuti munthu wina ankachoka m'sitolo kupita m'kalasi usiku, kenako n'kudzalemba mabuku amene mukukanganiranawa, sindinagone bwino.

Nangozo

Achimwene Yamikani, musasiye chonde. Ine ndili ndi zaka 41, ana atatu, ndipo ndimachonga makope a Fomu 4 ndisanatsegule buku langa. Koma ndisakunamizeni kuti aliyense wophunzira usiku amakathera ku Harvard. Chimene ndatolapo ine n'chakuti zaka zimene anakhala kunja kwa sukulu sizinatayike. Akanalowa yunivesite ya ku Boston ali ndi zaka 18, ndikukayika ngati khutu lake likanamva chachilendo m'maulaliki aja.

Bambo Mbewe

Pali fanizo limene iye mwini anagwiritsa ntchito kumayambiriro kwa The Rites of Assent, buku la 1993. Anatenga nthano ya Franz Kafka ya galu wofufuza. Galuyo akuona agalu anzake akuvina, akumva nyimbo, ndipo moyo wake wonse akufufuza kumene nyimboyo ndi chakudya chawo zimachokera, koma sakutha kuona kuti kuli anthu. Bercovitch anaika chenjezo limeneli pa akatswiri onse, iye yemwe ali momwemo: wofufuza chikhalidwe amatha kulongosola zonse mwaluso n'kulephera kuona chinthu chachikulu chimene chili pamwamba pake. N'chifukwa chake sindivomereza oti ankadziyesa woima pamwamba pa phiri akuona onse.

Ndipo poti tikukamba za zosaoneka, pali nkhani ya Miller imene ife a kuno tiyenera kuidziwa. M'mawu oyamba a Errand into the Wilderness, buku la 1956, Miller akusimba kuti maitanidwe ake oti adzalongosole tanthauzo la Amereka anamufikira ali mnyamata pa doko la Matadi, mu mtsinje wa Congo, akuyang'anira kutsitsa migolo ya mafuta. Tangoganizani, ali pa nthaka ya Africa, dera limene anthu osawerengeka anatengedwa ukapolo kupita kutsidya, akutsitsa mafuta, ndipo chimene chinamubwerera n'choti nkhani ya Amereka iyambire kwa a Puritan. Virginia, kumene Angelezi anafika mu 1607 ndipo anthu a ku Africa anatsitsidwa mu 1619, anaidumpha ponena kuti inalibe mgwirizano wa maganizo woti n'kuyambirapo. Amy Kaplan analemba za zimenezi mu 1993, kusonyeza mmene Africa ili pakhomo penipeni pa maphunzirowa koma yosatchulidwa.

Tadala M.

Ndiye bambo Mbewe mwandipatsa mkondo wina. Bercovitch anamutsutsa Miller pa tanthauzo la ulaliki, koma pa malo oyambira anamutsatira. Onse awiri ayambira ku Boston. Asipanishi anali ku St. Augustine, Florida, kuyambira 1565. Eni nthaka anali ndi nthano ndi nyimbo zawo kalekale. Akapolo a ku Carolina ankaimba zawo. Bwanji kagulu kamodzi ka alaliki kakhale muzu wa dziko lonse?

Chikondi wa ku Ohio

Apa mwalasa, ndipo kafukufuku wa posachedwa ali mbali yanu. Ulaliki wa Winthrop wa 1630 uja wa mudzi wokhala pamwamba pa phiri, umene aliyense amati ndi maziko a Amereka, sunasindikizidwe mpaka 1838. Daniel Rodgers mu 2018 ndi Abram Van Engen mu 2020 anatulutsa mabuku osonyeza kuti kutchuka kwake n'kwa zaka za m'ma 1900, kudzera mwa akatswiri ngati Miller, kenako andale: Kennedy anautchula mu Januwale 1961, Reagan anaubwereza mpaka m'mawu ake otsanzika mu 1989. Ndiye mbali ina ya chimene chinkaoneka ngati mtsinje woyenda kuchokera 1630 inakumbidwa ndi aphunzitsi a ku yunivesite eni ake.

Koma pomuweruza Bercovitch tisaiwale ntchito imene inamudyera zaka zambiri kuposa ina iliyonse. Anali mkonzi wamkulu wa Cambridge History of American Literature, mabuku akuluakulu 8 amene anatuluka kuyambira 1994 mpaka 2005. Mbiri yotere imene inalipo kale, ya Robert Spiller ndi anzake ya 1948, inkayesa kulankhula ndi liwu limodzi. Iye anakana zimenezo. Anati nthawi yathu ndi ya kusagwirizana, ndipo anapatsa katswiri aliyense malo aakulu oti asimbe mbali yake mwa njira yake, ngakhale itsutsane ndi ya mnzake m'buku lomwelo. Zolemba za akapolo, za amayi, za eni nthaka ndi za obwera zinapeza malo. Munthu amene ankamunena kuti amaona Boston yekha ndi amene anatsegula chitseko chimenecho.

Abusa Phiri

Ndabwererako ku maliro, ndawerenga zonse. Ndili ndi ganizo limene landikhala pamtima. John Chilembwe anapita ku Amereka mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pa sukulu ya Abaptisti akuda, n'kubwerera mu 1900. Ulaliki wa anthu akuda a kumeneko anaumva ndi makutu ake. Kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 ikudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, koma ikulankhulabe ngati ya munthu woyembekeza kuti boma lidzazindikira n'kuchita chilungamo. Patangopita miyezi iwiri, Januwale 1915, anatenga njira ina. Kodi si chitsanzo chakuti kulira kotere kuli ndi polekezera?

Bambo Mbewe

Abusa, ganizo lanu n'lokoma, koma tiliyendetse mosamala. Mwambo umene Bercovitch ankanena umagwira ntchito pamene wodandaula ndi womvera onse akukhulupirira kuti lonjezo ndi lawo. Chilembwe ankalembera atsamunda amene sanamuwerengere m'pangano lililonse. Douglass naye malamulo sankamuwerengera, koma anali ndi mawu a 1776 oti anthu onse analengedwa ofanana, ndipo omvera ake sakanatha kuwakana osadzikana okha. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Ngati pali chimene chitsanzo chanu chikuonetsa, n'chakuti mwambowu si wa paliponse, ndipo ndi zomwe mwini wake ankanena, kuti anapeza chinthu chachilendo cha dziko limodzi.

Nangozo

Ndathokoza nonse. Ndikufuna ndibwerere ku buku limene ndimaphunzitsa ndekha ku kalabu yowerenga ya atsikana, The Scarlet Letter la Hawthorne la 1850, chifukwa usiku wathawu ndapeza kuti Bercovitch analilembera buku lonse mu 1991, The Office of The Scarlet Letter. Hester Prynne akuvekedwa chilembo chofiira pachifuwa chifukwa cha chigololo, akupirira zaka 7, kenako akuchoka kupita kutsidya la nyanja ndi mwana wake. Anali mfulu. Koma kumapeto akubwerera ku kanyumba kake komwe kaja n'kuvalanso chilembocho, popanda woweruza womukakamiza. Atsikana anga amakwiya pamenepa chaka chilichonse. Amafunsa kuti anabwereranji, ndipo ine ndakhala ndikuwayankha kuti n'chifukwa cha chikondi ndi kulapa.

Bercovitch akuti pamenepo mpamene chilembo chamaliza ntchito yake: wopanduka uja wavomera yekha, ndipo tsopano akulangiza amayi ovutika kuti adikire nthawi yowala imene idzafike dziko likadzakhwima. Akulumikiza zimenezi ndi 1850, chaka chimene buku la Hawthorne linatuluka, pamene andale anagwirizana zonyengererana pa nkhani ya ukapolo, komanso ndi Hawthorne mwini, amene mu 1852 analemba mbiri ya mnzake Franklin Pierce yomuthandiza pa chisankho cha pulezidenti, momwe ananena kuti ukapolo udzatha pa nthawi yake popanda kuukakamiza. Ndinaika buku pansi, mtima ukugunda. Mawu oti dikirani ndawanenapo kwa atsikana amenewa kangati?

Komabe sindikufuna kumutaya Hester wanga. Tadala, pamenepa ndili nawe. Mayi amene anakana kutchula dzina la bambo wa mwana pamaso pa mudzi wonse, amene anadzidyetsa ndi singano yake, sangathere m'mawu oti anavomera.

Tadala M.

Mayi Nangozo, musawauze yankho atsikanawo. Apatseni mbali zonse ziwiri akangane okha, kenako mudzatiuze zimene anena. Ine ndikayamba ndi mawu a Douglass aja, ndiwawerenge mpaka kumapeto monga anenera bambo Mbewe. Ndikadzapeza kuti mapeto ake sakufafaniza moto wa pakati, ndidzabweranso pano.

Yamikani Joni

Ndalembetsanso phunziro lija, mayeso obwereza ali mwezi wamawa. Achimwene Chikondi, kwa munthu woyamba kumene, ndiyambe ndi buku liti la bamboyu? Ndimawerenga m'takisi popita kuntchito, mphindi 40 zokha.

Chikondi wa ku Ohio

Musayambe ndi la 1975, lili ndi zaumulungu zambiri zofuna tebulo ndi pensulo. Yambani ndi mutu woyamba wa The Rites of Assent, pamene akusimba mmene anafikira ku Amereka ndi za galu uja. Mukatha pamenepo werengani Yeremiya 31 ndi 32 monga atilozera abusa, kenako mutu woyamba wa The American Jeremiad. Koma mayeso anu ayambe atha, mabukuwa adzakupezani.